Buleki yopopa kawiri si buleki

Anzanga a m'mudzi, ndi inu abale a m'tauni amene mumagula timalole n'kusiyira anyamata kuno, tamverani.

Loweruka ndinakweza matumba a kachewere pa lole ya matani atatu, ulendo wa ku Golomoti kudzera Khwekhwerere. Tisanafike n'komwe pa Masasa, ndinaona dalaivala akaponda buleki phazi likulowa mpaka pansi. Kufunsa, akuti: "Musadandaule bambo, ikapopedwa kawiri imagwira." Kumbuyoku kuli amayi ndi ana kumsana!

Buleki ikafewa choncho ndiye kuti yadwala. Mwina mpweya walowa m'mapaipi, mwina mafuta a buleki akudontha, mwina marabala a master cylinder atha. Kufufuza kwake sikovuta. Onani mlingo wa mafuta m'kabotolo kake. Gwadani muyang'ane mkati mwa matayala: ponyowa ndiye podonthera. Mukaponda osachotsa phazi, n'kumatsikabe pang'onopang'ono koma palibe podontha, kaikirani master cylinder. Ukakhala mpweya, anthu awiri akwana: wina kupopa, wina kumasula kanati kotulutsira mpweya pa tayala lililonse.

Zothira madzi a sopo zija zithe. Potsetsereka buleki imatentha, madzi amawira n'kusanduka nthunzi, basi buleki yapita. Oyilo wa injini naye amatupitsa marabala. Thirani DOT 3 kapena DOT 4, malinga n'zolembedwa pa chivindikiro.

Botolo limodzi silifika mtengo wa bokosi la maliro. Nafenso okwera tileke kukhala duu poopa kusiyidwa panjira. Ine ndinatsitsa matumba anga pa Masasa, ndipo sindichita nazo manyazi.