Ukalamba wa njinga usakhale chiphaso

M'matauni ang'onoang'ono ambiri simulephera kupeza mthuthuthu wakalekale, monga ma Honda ndi ma Yamaha omwe ankayendera alangizi a zaulimi. Eni ake ena amanena kuti njinga zotere n'zokalamba, kotero palibe chifukwa chotayira ndalama kukazilembetsa kapena kukaziyezetsa. Ife tikuti maganizo amenewa ndi oika miyoyo pachiswe.

N'zoona kuti maiko ena amachitira chifundo njinga zakale. Ku Britain, kuyambira mu May 2018, njinga yamoto yomwe yapitirira zaka 40 siikakamizidwanso kukayezedwa chaka ndi chaka pa mayeso otchedwa MOT, bola ikhale kuti sinasinthidwe kwambiri m'zaka 30 zapitazi. Komabe lamulo silinamumasule mwini wake. Njingayo imayenera kukhala yolembetsedwa, ndipo akamugwira akuyendetsa njinga yoopsa pamsewu amalipitsidwa chindapusa.

Ku Germany ndiye sanyengerera n'komwe. Kuyambira 1997, galimoto kapena njinga yomwe yakwanitsa zaka 30 ikhoza kupatsidwa nambala yapadera yothera ndi chilembo cha H, koma imakayezedwabe zaka ziwiri zilizonse.

Chofunika kumvetsa n'chakuti kumaikowo njinga zakale ndi zachionetsero. Zimagona m'galaja, n'kumatuluka mwa apo ndi apo. Kuno kwathu njinga yakale imagwira ntchito tsiku lililonse. Imanyamula matumba a chimanga, ana asukulu ngakhalenso mayi woyembekezera wothamangira kuchipatala, m'misewu yafumbi ndi yokumbikakumbika. Njinga yotereyi ndiyo ikufunika kuyezedwa kuposa yatsopano, chifukwa mabuleki amatha, matayala amasalala, tcheni chimakhwepa ndipo nyali zimazima.

Kulembetsa nako kumateteza mwini wake. Njinga yopanda nambala ikabedwa, apolisi sadziwa poyambira. Ikagunda munthu, wovulalayo amasowa pogwira chifukwa palibe inshulansi. Choncho musanagule njinga yakale, onetsetsani kuti nambala za pa injini ndi pa felemu zikufanana ndi zomwe zalembedwa m'mapepala ake. Paja safunsa anadya phula.

Koma boma nalo lili ndi mbali yake. Munthu wa ku Mitundu, Jenda kapena Nchalo sangalimbe mtima kukalembetsa njinga ngati ulendo ndi ndalama zolipira zikuyandikira mtengo wa njingayo. Tikupempha nthambi yoona za pamsewu kuti izitumiza oyeza njinga m'misika ikuluikulu pa masiku odziwika, iganizirenso mitengo yake, komanso ikonze njira yomveka yothandizira eni njinga zakale zomwe mapepala ake anatayika, popanda kutsegulira khomo akuba.

Kwa inu eni njinga, musadikire kuti wapolisi akuimitseni pamsewu. Mthuthuthu womwe munasiyiridwa ndi bambo anu ndi chuma cha banja, koma umasanduka maliro ngati mabuleki akana pamtsetse. Ulembetseni, uyezetseni, ndipo pokwera musaiwale chipewa.