Mwana aphunzire dzina la lamulo limene linamenya agogo ake

Mwana aliyense wa pasukulu m'cigawo cathu ca Tete angakuuzeni tsiku la ufulu mosadodoma: 25 Juni 1975. Tamufunsani tsono kuti ufuluwo unatimasula ku ciyani. Adzayankha kuti "ku colonialismo", basi n'kukhala duu, cifukwa liwulo analiloweza kuti akakhoze mayeso. Mumufunsenso kuti indígena anali ndani, nanga n'cifukwa ciyani agogo ake aamuna anacoka ku Angónia usiku n'kukaceredwa ku Dedza, mbuzi ndi nkhokwe atazisiya. Ambiri amangozolika. Mlanduwu si wa mwana. Ndi wa ife akuluakulu, amene tinalola kuti nkhani ya tsankho la khungu ikhale mawu ocepa acilendo m'buku, pamene eni nkhaniyo ali khale pakhonde, kudikira wowafunsa.

Ine ndimagwira nchito pa wailesi ya m'dera, ndipo tikaika nkhaniyi pa pologalamu lamya siipuma. Oimba amagawika pawiri. Ena amati madzi akatayika saoleka, zakale zisiyeni, mukufuna kuti ana athu azida azungu pamene nchito za ku migodi ya Moatize zili m'manja mwa alendo? Ena amati palibe cosowa, zonse zili kale m'mabuku: ngwazi zinamenya nkhondo, mtsamunda anathawa, nkhani yatha. Ndimawamvetsera mwaulemu, poti ndiyo nchito yanga. Koma pa pepala pano palibe wondiwerengera mphindi, conco ndinene poyera kuti magulu awiri onsewa akulakwa, ndipo olipira kulakwako ndi ana.

Coyamba cimene mwana ayenera kudziwa n'cakuti tsankho la nthawi ya Apwitikizi silinali nkhanza za mzungu mmodzi woipa mtima. Linali lamulo lolembedwa, losainidwa ndi kudindidwa ku Lisboa. Mu 1899 anakhazikitsa lamulo la nchito, la maganizo a António Enes, lonena kuti munthu wakuda ali ndi udindo wogwira nchito, ndipo akapanda kuipeza yekha boma lili ndi mphamvu yomukakamiza. Kulima munda wako wa cimanga, kwa iwo, sinali nchito. Mwamuna wolephera kuonetsa mu caderneta kuti wagwirira mzungu miyezi 6 pa caka ankagwidwa ndi asipayi n'kutumizidwa ku cibalo. Amayi ankalambula misewu ana ali kumbuyo. Kuyambira 1938 kulima thonje kunasanduka kokakamiza m'madera ambiri, mtengo wake woikidwa ndi boma, ndipo mabanja ankagona ndi njala munda uli mbuu. Wozengereza msonkho wa nyumba ankatambasula manja kuti alandire palmatória, ija akuluakulu amaichula mbalamatodya. Taonani kuti mpaka lero, mbali zonse ziwiri za malire, tikafuna kunena cilango cowawa timati cibalo. Liwu tinalisunga, koma kumene linacokera tikubisira ana.

Mu 1926 kunabwera Estatuto do Indigenato, lamulo logawa anthu a dziko limodzi m'magulu. Mzungu ankabadwa ali nzika, ngakhale akhale wosatha kulemba dzina lake, ndipo otere anali ambiri pakati pa obwera kucokera ku Portugal. Wakuda ankabadwa ali indígena, wopanda ufulu wa nzika, woweruzidwa ndi administrador pa bwalo la posto. Kuti atulukemo ankayenera kupempha cikalata ca assimilado: aonetse kuti amalankhula bwino Cipwitikizi, ali ndi nchito ya malipiro okwanira, ndipo anasiya makhalidwe a makolo ake. Pa kalembera wa 1950, mwa anthu akuda oposa 5 miliyoni m'Mozambique, a assimilado sanakwane 5,000. Sukulu nazo zinali ziwiri. Ana a azungu ndi a assimilado ankapita ku sukulu za boma. Ana a indígena, potsatira pangano la 1940 la Portugal ndi Vatican, anaperekedwa ku mishoni za Katolika kuti akalandire ensino rudimentar: katekisimu, kuwerenga pang'ono, ndi khasu m'munda wa mishoni. Pomaliza zaka zimenezo ambiri anali atapitirira msinkhu wololedwa kulowa liceu. Lamulo la indigenato analicotsa mu 1961, nkhondo itayamba kale ku Angola. Mwana akadziwa izi sadzafunsanso monyoza kuti bwanji agogo ake aakazi amasaina ndi cala.

Amene amati zonsezi n'zakutali apite makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa mzinda wa Tete. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Comandos ndi apolisi a DGS analowa ku Wiriyamu, Chawola, Juwau ndi midzi yoyandikana nayo, napha amuna, amayi ndi makanda. Wofufuza mbiri Mustafah Dhada anasonkhanitsa maina 385 a ophedwa. Ansembe a ku Spain amene ankatumikira kuno ndiwo anatulutsa lipoti, ndipo bambo Adrian Hastings analifalitsa mu nyuzipepala ya The Times ku London pa 10 Julayi 1973. Boma la Lisboa linayamba n'kukana, linati mudzi wa dzina limenelo kulibe. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, apepese ali ku Maputo mu Sepitembala 2022. Munthu sawombera khanda pokhapokha ataphunzitsidwa kwa zaka zambiri kuti anthu awa sali ofanana naye. Maphunziro amenewo ndiwo malamulo ndachula aja.

Ku Portugal komweko mkangano uli mkati. Kwa nthawi yaitali ana awo ankauzidwa kuti Mpwitikizi sanali ngati Mngelezi kapena Bunu, iye ankasakanikirana ndi anthu, ankakwatira akazi akuda, analibe tsankho. Maganizowa, a Gilberto Freyre wa ku Brazil, boma la Salazar linawakumbatira m'zaka za m'ma 1950 pofuna kutseka pakamwa United Nations. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Epulo 2024 pulezidenti wao, Marcelo Rebelo de Sousa, ananena kuti dziko lake liyenera kuvomera mlandu wa ukapolo ndi utsamunda, ndi kuona za malipiro ake. Boma la Luís Montenegro linayankha kuti lilibe dongosolo lotero, ndipo André Ventura wa cipani ca Chega anati pulezidentiyo wapereka dziko. Ndikamva mnzanga wa kuno akunena kuti zakale tizisiye, ndimadabwa kuti akuimba nyimbo imodzi ndi Ventura, koma iye mdzukulu wa womenyedwa. Ku Brazil anasankha njira ina: lamulo nambala 10.639 la mu 2003 limakakamiza sukulu kuphunzitsa mbiri ya Africa ndi ya anthu akuda a m'dzikomo. Mtunda wonsewo, kutsidya kwa nyanja, anaona kuti mbiri yathu ndi yofunika lamulo.

Tsono za cidani. Akuti mwana akamva za mbalamatodya adzada mzungu aliyense. Ine ndikuona kuti wodana ndi khungu ndi uja anamva theka la nkhani. Nkhani yathunthu ndi yowawa kwa ifenso. Amene ankagogoda pacitseko usiku kudzagwira anthu a cibalo anali msipayi wakuda, wolankhula cilankhulo cathu. Maina a okagwidwa ankapereka ndi régulo, nthawi zina mokakamizidwa, nthawi zina pofuna kulanda munda kapena mkazi wa mwini. Kale kwambiri, m'ma prazo a m'mbali mwa Zambezi, Acikunda amene ankasaka akapolo mpaka ku Luangwa anali anthu akuda, ndipo mabwana ao monga Kanyemba ndi Matakenya a ku Zumbo sanali azungu a ku Lisboa. Ku Wiriyamu, dzina limene opulumuka ankalichula ndi mantha ndi la Chico Kachavi wa DGS, mwana wa dziko lino. Ndipo amene anaika moyo wao pangozi potulutsa lipoti anali ansembe oyera khungu. Mwana wophunzira zonsezi amazindikira kuti lamulo loipa limapeza manja a mtundu uliwonse oti aligwirire nchito. Adzalizindikiranso akadzapita ku Joni kukasaka ganyu n'kumva wakuda mnzake akumuchula kwerekwere, monga anacitira Ernesto Nhamuave asanamutenthe mu 2008.

Bairro limene ndimakhala mumzinda wa Tete limachedwa Mateus Sansão Muthemba. Timalichula tsiku ndi tsiku pokwera chapa, koma ndi angati amadziwa imfa ya mwini dzina? Muthemba anali wa Comité Central ya FRELIMO. Sanaphedwe ndi cipolopolo ca Mpwitikizi kunkhondo. Anamwalira mu 1968 ndi mabala amene anamupatsa Amozambique anzake, pamene gulu lina linaukira ofesi ya FRELIMO ku Dar es Salaam. Caka cimeneco gululo linali logawanika pa zinthu zambiri, ndipo imodzi mwa nkhani zotentha inali ya khungu: kodi mzungu angakhale Mmozambique, angaphunzitse ana a omenyera ufulu? Ku Instituto Moçambicano, sukulu imene ankayendetsa Janet Mondlane, ophunzira olimbikitsidwa ndi bambo Mateus Gwenjere anakana aphunzitsi oyera, sukulu n'kutsekedwa. Azungu monga Fernando Ganhão ndi dokotala Hélder Martins anacotsedwa m'Tanzania. Mbali ya Eduardo Mondlane inaumirira kuti mdani ndi dongosolo la utsamunda, osati mtundu wa khungu, ndipo ufulu utabwera Martins anakhala nduna yoyamba ya zaumoyo. Ndiye kuti funso limene oimba lamya akuliopa lero, omenyera ufulu analikangana mpaka kukhetsa mwazi. Ana a m'bairro muno akuyenda pansi pa dzinalo osauzidwa.

Apa ndafika kwa gulu laciwiri, lija lokhutira ndi mndandanda wa ngwazi. Mbiri ya tsankho siingakhale katundu wa cipani cimodzi, yotulutsidwa pa 3 Febuluwale ndi pa 25 Sepitembala n'kubwezedwa m'kabati. Ikangokhala conco, theka la makolo a m'midzi yathu, amene anathawira ku Malawi pa nkhondo ya zaka 16 ndipo ali ndi zifukwa zao zokayikira boma, adzaiona ngati kampeni, naiponya kutali. Mphunzitsi woona mtima akamaliza kufotokoza caderneta ayeneranso kufotokoza guia de marcha, ndi Operação Produção ya 1983, pamene anthu opanda mapepala a nchito anagwidwa m'mizinda n'kutayidwa ku Niassa. Sindikuti zinthu ziwirizi n'zofanana. Ya 1983 sinasankhe khungu, ndipo indigenato anakhala zaka 35. Koma mwana ali ndi ufulu wofunsa kumene dzanja lija linaphunzira kagwiridwe kameneko. Afunsenso cifukwa cake, ufulu utabwera, Cinyanja ndi Cinyungwe zinapitirira kuchedwa dialecto, ndipo ife a msinkhu wanga tinkalangidwa pabwalo la sukulu tikagwidwa tikulankhula monga amalankhulira amayi athu. Cikalata ca assimilado cinafa mu 1961, koma manyazi amene cinabzala ndimawamva mlungu uliwonse: munthu wa ku Tsangano kuimba pa pologalamu ya Cinyanja n'kuyamba ndi kupepesa m'Cipwitikizi cothyokathyoka.

N'cifukwa cake ndikuumirira kuti phunziroli liperekedwe m'cilankhulo cathu. Mawu akuti trabalho forçado salasa mtima wa mwana wa ku Domwe. Koma agogo akati "anatimanga cingwe m'ciuno", mwana saiwala. Njira ilipo kale, sitikupempha cacilendo. Cigawo cathu ndi cimodzi mwa ziwiri zimene zinayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, ife ndi Cinyanja, a ku Gaza ndi Cichangana, ndipo kuyambira 2003 boma linawalowetsa m'sukulu zake. Ndondomeko ya maphunziro a pulaimale imasiyanso magawo 20 pa 100 a nthawi kuti akhale a currículo local, zinthu zimene anthu a m'dera asankha okha kuti ana ao aphunzire. M'sukulu zambiri nthawi imeneyi imathera pa kuumba mbiya ndi kuvina, zimene sindikuzinyoza, kapena imangosowa. Kudikira kuti buku labwino licokere ku Maputo ndi kudikira mvula ya mu Ogasiti; tonse tikukumbuka buku la Ciências Sociais la 6ª classe limene linacotsedwa mu 2022 cifukwa ca zolakwika zocititsa manyazi.

Inu makolo a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, muli ndi mipando mu conselho de escola. Pa msonkhano wotsatira funsani a director kuti maola a currículo local caka cino aikamo ciyani. Pemphani kuti nkhalamba ziwiri kapena zitatu za m'mudzi ziitanidwe m'kalasi, mphunzitsi alembe pabolodi zaka ndi maina a malamulo, ana alembe m'makope zimene amva, ndi dzina la posto, la msewu umene unalambulidwa, la mudzi wa ku Nyasaland kumene anthu anathawira. Mdzukulu wa msipayi kapena wa régulo asalozedwe cala. Agogo ake nawonso ali ndi zoti anene, ndipo zimvedwe. Makope amenewo asungidwe pasukulu, ndipo ife a wailesi tili ndi makina ojambulira mawu amene tingabwere nao. Munthu amene anali ndi zaka 15 pamene indigenato ankacotsedwa anabadwa mu 1946. Werengani nokha zaka zake, muwerengenso kuti otere atsala angati m'mudzi mwanu.