"Ndi wokoma" sikokwanira, tiyeni tikalawe vinyo wa nthochi ku Sangilo

Mukadzalowa m'sitolo ina yaikulu ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mudzanyamule botolo la vinyo wa ku South Africa n'kulitembenuza. Musaope, kuwerenga salipiritsa. Kumbuyo kwake mudzapeza timizere titatu kapena tinayi tachingerezi tokuuzani kuti vinyoyo akununkhira ngati blackcurrant, ali ndi kakomedwe ka cherry, ndipo mukameza mumva kafungo ka oak. Tsono tandiuzani, mwa tonse amene tikuwerenga nkhani ino pafoni, ndi angati anadyapo blackcurrant? Nanga mtengo wa oak munaununkhiza kuti?

Komatu timizereti musatiderere. Ndi timene timachititsa munthu kupisa m'thumba. Wolawa vinyo wodziwa ntchito yake amalemba mtundu wa vinyoyo akamuunika m'tambula, fungo lake asanamwe, zimene lilime likumva, zimene zikutsalira kukhosi atameza, komanso chakudya chimene angayende nacho. Wogula akawerenga amadziwa chomwe akugula asanatsegule botolo. Akakapeza kuti n'zoona amabweranso, amauzanso anzake. Vinyo wa ku Stellenbosch amadula chifukwa ali ndi anthu omulankhulira, ndipo anayamba kale, poti ku Cape anafinya vinyo woyamba mu 1659.

Ifenso tili ndi vinyo wathu. Koma tikamulawa, mawu athu ndi awiri basi: "ndi wokoma" kapena "akugwira".

Ndikunena izi ndikuganiza za boma la Karonga. Mu 2024 BBC inaonetsa dziko lonse amayi a gulu la Twitule Cooperative amene akupanga vinyo kuchokera ku nthochi. Chinawayambitsa ndi mavuto. Madzi a nyanja atakwera anamiza minda ya m'mphepete, alimi n'kusamukira kumtunda kotentha, kumene nthochi zimapsa msanga zisanafike pamsika. Zambiri zinkangotayidwa. Mothandizidwa ndi bungwe la COMSIP, amayiwa anaphunzira kusenda nthochi zakupsa kwambirizo, kuzidula, kuziyeza pasikelo, n'kuzisakaniza ndi shuga, yisiti, mphesa zouma, madzi ndi mandimu. Zikakhala milungu ingapo zikuwira, pamatuluka vinyo wa mphamvu ya 13 peresenti. Nthawi imeneyo ankapanga malita 20 mpaka 50 pamwezi, botolo akugulitsa pafupifupi madola 3 a ku America.

Nkhani imeneyi inazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, tonse tinaombera m'manja, "amayi akutakata". Zinathera pomwepo. Tinakamba za umphawi wawo, za kusintha kwa nyengo, za kulimba mtima kwawo. Za vinyo weniweniyo, mmene amakomera, sitinakambe n'komwe. Ndiye munthu ali ku Area 47 kapena ku Namiwawa ndi ndalama yake m'manja agula bwanji? Wogula mwachisoni amagula kamodzi, botolo n'kukaliika pamwamba pa kabati. Amayi aja akufuna makasitomala obwerabwera.

Si koyamba Amalawi kupanga vinyo wa zipatso. A Timothy Ngwira ndi mayi Margaret Ngwira anayamba kupanga wawo mu 1978, ndipo lero Linga Wine wa ku Area 3 mu Lilongwe amapangidwa ndi jambula, chidede, magwafa, mabulosi, mapichesi ndi zina zolimidwa konkuno. Zaka zoposa 40 zapita. Koma tafunsani anzanu asanu pagulu lanu la WhatsApp kuti vinyo wa jambula amasiyana bwanji ndi wa chidede. Amene adzayankhe ndi uja adzati, "wina ndi wofiira kwambiri."

Anzathu a ku Zimbabwe anationetsa kuti lilime la munthu wokulira kumudzi silichepa. Anyamata anayi, Tinashe Nyamudoka, Joseph Dhafana, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anathawa mavuto a zachuma kwawo n'kukagwira ntchito m'malo odyera ku South Africa, monga amachitira abale athu ambiri a ku Joni. Kumeneko anaphunzira vinyo mpaka kukhala akatswiri. Mu 2017 anakaimirira Zimbabwe ku France pampikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo, pomwe umayenera kutchula mtundu wa mphesa ndi dziko lochokera pongonunkhiza ndi kulawa. Nkhani yawo ili mu filimu yotchedwa Blind Ambition. Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha Nyamudoka, mwini wa Kumusha Wines, amene wakhala akunena kuti pofuna kukumbukira fungo la vinyo amaliyerekeza ndi zipatso zimene anakula akudya kwawo. Sanadikire kuti akadye kaye blackcurrant.

Nanga ife tikusowa chiyani? Mawu tili nawo ochuluka, kungoti timawasiya kukhitchini. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti kuwawasa kwa bwemba n'kosiyana ndi kuwawasa kwa malambe: kwa bwemba kumalasa m'masaya mpaka maso kutsinzina, kwa malambe n'kofatsa, kwaufaufa. Timadziwa kutsekemera kwa masuku akupsa ndi mmene masuku osapsa bwino amamangira m'kamwa, lilime n'kukhala lokhakhala. Kumanga m'kamwa kumeneko n'kumene akatswiri a vinyo amatcha tannin, ndipo anthu amalipira sukulu kuti akuzindikire, pamene ife tinaphunzira ulere kutchire tikuweta mbuzi. Timadziwa fungo la mapoza, la masawu ouma, la nzimbe yomwe yagonera, la chambiko, la utsi wa nkhuni pa usipa wowamba, la dothi mvula yoyamba ikagwa. Ngakhale nthochi zenizenizo, sukali sanunkhira ngati makumbuka, ndipo kabuthu ali ndi kakomedwe kake. Vinyo wopangidwa ndi nthochi zosiyanazi sangafanane, koma palibe amene akulemba.

Ndiyesere ine. Vinyo wa nthochi amene ndinalawapo kumpoto ndingamulembe motere: mtundu wake ngati uchi wosungunuka m'madzi, fungo loyamba ndi la nthochi yakupsa mpaka khungu kuda, kenaka kafungo ka khungu la ndimu, pakamwa amayamba motsekemera, n'kutsatira kuwawasa pang'ono ngati thobwa logona, atamezedwa amasiya kutentha pachifuwa, osati kukhosi, amufuna wozizira, ndipo amayenda bwino ndi nsomba yootcha yothira tsabola wa kambuzi. Wina akhoza kunditsutsa kuti ayi, si thobwa logona, ndi chinanazi chopsetsa. Eya, mtsutso umenewo ndi umene ndikufuna. Pamene anthu akukangana za kakomedwe ka chinthu, chinthucho chayamba kukhala ndi mtengo.

Kulemba kotereku kumathandizanso wopanga. Ukauza mayi wopanga vinyo kuti "ndi wokoma", sunamuthandize kalikonse. Ukamuuza kuti botolo la mwezi uno likumveka ngati viniga, adziwa kuti mpweya unalowa m'chigubu. Ukamuuza kuti ndi wotsekemera mopyola ndipo akuchita thovu m'botolo, adziwa kuti anamuthira asanamalize kuwira.

Tsono kulawa kumafuna malo ndi tsiku, ndipo ine ndikuloza ku Sangilo. Amene simunafikeko, ndi dera la m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa boma la Karonga, pakati pa Chitimba ndi Chilumba, pafupi ndi msewu wa M1. Kuli timagombe tamchenga tobisika pakati pa miyala, ndipo kukacha bwino mumaona mapiri a ku Tanzania kutsidya. Kuli kale malo ogona alendo. Alendo okwera ku Livingstonia kukaona mathithi a Manchewe amadutsa pafupi, opita kuchipata cha Songwe amadutsa pomwepo, ndipo Ilala imafika padoko la Chilumba. Za mmene msewu wa Chiweta kupita ku Karonga wavutitsira anthu ndisayambe, ndi nkhani ya tsiku lina.

Chachikulu n'chakuti chakudya chonse chili pakhomo. Mpunga wa Kilombero, uja umanunkhira mpaka kwa aneba, umalimidwa ku sikimu za Hara ndi Wovwe zomwe sizili kutali. Usipa, utaka ndi kampango zikuchokera m'nyanja yomweyo. Kondowole alipo. Mbalaga, nthochi zaziwisi zophikira limodzi ndi nyama, ndi chakudya chimene munthu wa ku Karonga amachinyadira kuposa china chilichonse. Kuli chambiko, kuli mafuta a mawese. Ndani anayesapo kuika tambula ya vinyo wa nthochi pambali pa mbale ya mbalaga n'kutiuza ngati zikugwirizana kapena nthochi zachulukitsa? Ine ndikuganiza kuti mbalaga ya nyama yonona ingafune vinyo wowawasa ngati wa chidede kuti atsuke mafuta m'kamwa, ndipo wa nthochi asiyidwe kwa kampango wootcha. Koma zimenezi n'zofunika kuziyesa anthu ali pamodzi, wina ndi Chitumbuka chake, wina ndi Kyangonde, wina ndi Chichewa, aliyense akulemba zimene wamva.

Mpunga wa Kilombero womwewo ndi umboni woti dzina limagulitsa. Alimi a ku Kaporo ankatumiza mpunga wawo ku Scotland kudzera ku bungwe lomwe linkatchedwa Just Trading Scotland, kumene masukulu ndi mipingo ankapikisana kugulitsa makilogalamu 90. Anthu a ku Glasgow amautchula dzina lake lenileni, Kilombero, ndipo amadziwa kuti ndi wonunkhira. Vinyo wa nthochi sanafike pamenepo.

Pali mantha anga amodzi. Zochitika za zakudya ndi vinyo zimene timaona m'mizinda mwathu kawirikawiri zimakhala za anthu omwewomwewo. Pakhomo mtengo wolowera wokwana thumba la chimanga, mkati mabotolo ochokera ku Western Cape, tchizi cha kunja, ndipo chachimalawi chokha ndi gule wobwera kudzavina mphindi 10. Zikakachitika choncho ku Sangilo, eni mudzi akusuzumira pampanda, bola osayamba n'komwe. Amayi opanga vinyo akhale ndi matebulo awo, agulitse okha, ndalama ilowe m'manja mwawo kapena pa Mpamba ndi Airtel Money pawo. Ophika mbalaga akhale a komweko. Asodzi agulitse nsomba pamtengo wawo. Vinyo wa ku South Africa abwere ndithu, botolo limodzi kapena awiri, tiwaphimbe mapepala onse n'kulawa osadziwa kuti uyu ndi uti. Wathu akagonja tidziwe kuti wagonjera pati.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kulemba kuti, "aise, dziko lili pamoto, shuga akusowa, iwe ukukamba za vinyo?" Ena muti ndikulimbikitsa uchidakwa. Funso lachiwirili ndi lolemera, sindilithawa. Mowa wawononga achinyamata ambiri m'dziko muno. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma tonse tikudziwa kuti unangosintha chovala n'kulowa m'timabotolo. Mu 2024 anthu anamwalira ku Blantyre atamwa mowa womwe dzina lake lokha, Ambuye Ntengeni, linali chenjezo. Koma taonani mowa umene ukutipha: ndi uja palibe amaufunsa kuti wapangidwa ndi chiyani, wapanga ndani, ukununkhira bwanji. Funso lake ndi limodzi, "ukugwira?" Munthu amene waphunzira kununkhiza asanamwe sangameze zinthu zonunkha ngati mafuta a galimoto. Pa kulawa amathira pang'ono, masipuni awiri kapena atatu, ndipo akatswiri amalavula. Osakwana zaka 18 asayandikire, woyendetsa galimoto apatsidwe thobwa kapena juwisi wa malambe, amenenso akufunika omulembera kakomedwe kake. Amene chipembedzo chanu sichilola, mpunga ndi mbalaga zikukudikirani, palibe akukakamizeni.

Za shuga n'zoona, ndipo zikuwakhudza opanga vinyo kuposa ife, poti popanda shuga palibe vinyo wa nthochi. N'chifukwa chake botolo liyenera kugulidwa pamtengo wobweza ndalama. Tikukhala m'dziko limene matenda a chisaka anapululutsa nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay mpaka tinayamba kudya za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Kuti m'dziko lomwelo nthochi zina ziziolera pansi ku Karonga chifukwa chopsa msanga, n'zomvetsa manyazi.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards nalonso liyenera kuitanidwa. Popanda chidindo chawo, sitolo yaikulu kapena malo ogona alendo sangalandire botolo lako ngakhale likome chotani, ndipo magulu ang'onoang'ono a kumudzi amaiona njira yopezera chidindocho ngati phiri. Abwere adzafotokoze pamaso pa amayiwo zimene zimafunika, ayeze mphamvu ya vinyo pomwepo anthu akuona. A khonsolo ya Karonga ndi a zokopa alendo asadikire kuti mzungu wina ayambitse kenaka iwo adzadule riboni.

Ndipo inu a mafoni, ntchito yanu ndi yosavuta kuposa onse. Bandulo imene mumathera pojambula mbale ya chipisi ndi nkhuku m'tauni ingathe kujambula tambula ya vinyo wa jambula kapena wa nthochi, inu n'kunena m'chinenero chanu zimene mphuno ndi lilime zamva. Mukatero anthu 50, tidzakhala ndi mawu oti amayi a Twitule asankhepo olemba kumbuyo kwa botolo lawo.

Tsiku lake ine ndikanasankha mu September. Mpunga watsopano umakhala utalowa kale m'nyumba, mwera wa June ndi July umene umaletsa asodzi kulowa m'madzi umakhala utachepa, mvula ikadali kutali, ndipo kutentha kwa October kumene kumapsetsa nthochi zonse nthawi imodzi kumakhala kuli pakhomo. Amayi akalandira maoda mwezi umenewo, adziwa kuti agule zigubu zingati ndi shuga wochuluka bwanji nthochi zisanayambe kugwa.