Difu ikulira, iwo akukweza wailesi

Minibasi yopita ku Zomba itangonyamuka pa Njuli, pansi pa mpando wakumbuyo panayamba kamluzu kaja. Dalaivala akaponda moto, wiiii. Akachotsa phazi, zii. Mayi wina wa dengu la tomato anafunsa ngati tikafike. "Musadandaule mayi, ndi difu chabe," anatero kondakitala, dalaivala n'kukweza wailesi.

Difu chabe! Chitsulo chimene chimalandira mphamvu ya injini kudzera pa shafiti n'kuigawira matayala akumbuyo, chimene chimalola tayala lakunja kuthamanga kuposa lamkati pokhota, munthu akuti chabe. Ma Hiace ndi ma Hilux athuwa amakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo ambiri amatsika sitima ku Dar es Salaam atatopa kale ndi misewu ya ku Japan. Akafika kuno timawasenzetsa anthu, matumba a chimanga, nthawi zina ndi mbuzi yomwe. Difuyo ingaleke bwanji kudandaula?

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo difu imatsina mwaulemu, miyezi ndithu isanafe. Makaniko wodziwa ntchito sathamangira sipanala, amayamba wakwera nanu n'kutchera khutu. Kulira kobwera poponda moto kawirikawiri ndi mano a crown wheel ndi pinion amene adyeka kapena sakulumana bwino. Kobwera mukachotsa phazi pamtsetse kumaloza ku maberingi a pinion amene akhwepa. Mkokomo wosintha mukamakhota ndi beringi ya tayala, ndipo anthu ambiri agulitsidwa difu yonse chifukwa cha kaberingi kameneka.

Kenako makaniko uja amatsegula pulagi yothirira n'kupisa chala. Oyilo ayenera kufika pakamwa penipeni pa bowolo. Mukudziwa nokha zimene amapeza: pouma, kapena phala lakuda lonunkha chopserera, maginito a pulagi yapansi atadzaza tizitsulo. Apa m'pamene ine ndimapsa mtima. Oyilo wa injini timasintha mokhulupirika, risiti kusunga m'chikwama ngati ya ulendo wa ku sikelo. Koma funsani mwini galimoto aliyense kuti 80W-90 anathira liti ku difu, ayang'ana kumwamba. Silu ya pinion ikudontha, fumbi la ku kwale lamatirira difu yonse mpaka kutseka kabowo kopumira, iye ali kalikiliki kupukuta magalasi ndi kumata mawu a m'Baibulo kumbuyo.

Ndiye pali akathyali amene amathira oyilo wolimba wa 140 kuti phokoso ligone tsiku logulitsa galimoto. Mano odyeka samera. Difu ikadzagwira mwadzidzidzi matayala akumbuyo n'kuima nji, lole yodzaza miyala ya pa Njuli ili m'mbuyo mwanu, wailesi ija sidzakuthandizani.

Mukafulumira, nkhani imathera pa silu, maberingi ndi oyilo watsopano, bola womangayo ayeze bwino kulumana kwa mano, osati kungomanga ndi mphamvu za nsima. Mukachedwa, ndi ulendo wa ku Ndirande kapena ku Limbe kukasaka difu yochotsa ku galimoto ina. Kumenekonso werengani nokha mano a crown wheel ndi pinion kuti afanane ndi akale, chifukwa wogulitsa adzalumbira kuti zonse n'zimodzi, inu n'kudzadabwa galimoto ikulephera chitunda chimene inkakwera ikuseka.