Kukhala Duu Si Ulesi

M'mbali mwa ngalande ya madzi yotchedwa Grand Canal mumzinda wa Dublin, pafupi ndi mlatho wa Baggot Street, pali benchi imene pakhala bambo wina. Wavala magalasi, wapinda manja pachifuwa, wasanjikiza miyendo, ndipo chipewa chake wachiika pambali. Mvula igwe, dzuwa liwale, iye sasuntha. Ndi chiboliboli cha Patrick Kavanagh, mmodzi mwa alakatuli otchuka a dziko la Ireland, chimene chinaikidwa pamenepo m'chaka cha 1991.

Ziboliboli zambiri zimaonetsa anthu ataimirira, ena atakwera hatchi, ena atakweza dzanja ngati akulankhula ku khamu la anthu. Koma ameneyu anamuumba atangokhala, ndipo pali chifukwa chake.

Kavanagh anabadwa m'chaka cha 1904 ku Inniskeen, m'chigawo cha Monaghan, ndipo anakula akugwira ntchito za kumunda. Atasamukira ku Dublin, moyo sunamuyendere bwino. Ndalama zinkamusowa, ndipo ankakangana ndi anthu kawirikawiri. M'chaka cha 1954 anagonja pa mlandu umene anasumira nyuzipepala ina poidandaula kuti yamuipitsira mbiri. Chaka chotsatira madokotala anamuchotsa phapo limodzi chifukwa cha matenda a khansa. Atatuluka m'chipatala analibe mphamvu zoyenda mtunda wautali, choncho ankangokhala m'mbali mwa ngalandeyo n'kumayang'ana madzi, udzu ndi masamba a mitengo. Zinthu zimenezi zinalipo kale, koma munthu wodzaza ndi mkwiyo sakanaziona. Mtima wake utakhazikika, anayambanso kulemba, ndipo ndakatulo za nthawi imeneyo ndi zina mwa zimene ophunzira a kusekondale amawerenga mpaka lero.

Mwana wa ku pulayimale sanakumane ndi mavuto aakulu chotero, komabe mutu wake umadzaza. Kusukulu amaphunzira m'Chingerezi, kenako pamabwera phunziro la chinenero cha Gaeilge, ndipo akafika kunyumba amayi amamulonjera m'Chichewa. Pali ntchito ya kusukulu yolembera kunyumba, mpira, wailesi yakanema ndiponso foni imene sileka kulira. Mwina palinso mawu achipongwe amene mnzake anamuuza pa nthawi yopuma, ndipo mawuwo amangobwerabwera m'maganizo mpaka usiku.

Agogo a ku Dedza kapena ku Katete amadziwa chochita ndi madzi a matope otunga kumtsinje. Sawavundula. Amawaika mumtsuko n'kuwasiya, ndipo pakapita nthawi matope amapita pansi okha, madzi oyera n'kutsala pamwamba. Maganizo a munthu amachitanso chimodzimodzi. Mwana amene wakhala chete kwa mphindi zisanu, foni ili kutali, akupuma pang'onopang'ono, amayamba kusiyanitsa chimene chamupwetekadi ndi chimene changomusokosera. Nthawi zina amazindikiranso kuti pa mkangano uja wolakwa anali iye mwini, ndipo chimenechi sichizindikirika munthu akuthamanga.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu mwana wa ku Dublin angauyese yekha, pakuti mvula ikagwa nkhono zimatuluka m'makoma ndi m'minda ya maluwa. Akaigogoda, nkhono imabisala m'chigoba chake. Akaidikira mwakachetechete, imatulutsa tinyanga take, ndipo kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatalitali kumaoneka timadontho takuda. Amenewo ndiwo maso ake.

Makolo ena akaona mwana atakhala pawindo osachita kanthu amafulumira kumutuma, poopa kuti aphunzira ulesi. Nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa ambiri a iwo amagwira ntchito usana ndi usiku kuti banja lidye ndiponso kuti atumize thandizo kumudzi. Koma waulesi amathawa ntchito, pamene wosinkhasinkha amabwerera ku ntchito mutu uli wopepuka. Mwana amene watsuka mbale ndi kumaliza masamu ake ayenera kuloledwa kukhala duu kwa kanthawi popanda kufunsidwa chimene akuchita.

Palinso kukhala chete kwa mtundu wina kumene sikuthandiza. Mwana amene akuzunzidwa ndi anzake, kapena amene ali ndi mantha osatha, asabise zimenezo mumtima. Afotokozere mayi ake, bambo ake kapena mphunzitsi tsiku lomwelo.

Pa benchi ya Kavanagh pali malo otsala okwanira munthu wina. Alendo ambiri amakhalapo kamphindi, n'kujambulitsa chithunzi, n'kupitiriza ulendo. Amene amakhalitsa pang'ono ndiwo amaona abakha akutuluka m'mabango ndi masamba akuyandama pang'onopang'ono kulowera ku mlatho.