Dzudzulani filimu, osaotcha munthu

Ku Chipyela pachilumba cha Likoma, monganso m'matauni ena a dziko lino, filimu ikatha m'nyumba yoonetsera vidiyo nkhani yake imapitirira panja. Imakambidwa pamsika, kudoko podikira sitima komanso pamkeka banja likamadya mgonero. Wina amati sewero la dzulo linali lophunzitsa, mnzake amati linali longotaya nthawi, ndipo mtsutso umakula.

Pali anthu ena ophunzira, kuphatikizapo okonza mafilimu, omwe amanyoza ndemanga zoterezi. Iwo amati msodzi kapena mayi wogulitsa usipa sangadziwe kanthu za luso la kanema chifukwa sadalowe m'kalasi ya zisudzo. Maganizo amenewa ndi olakwika. Filimu amaikonzera woonera, ndipo woonerayo ali ndi ufulu wonena ngati zomwe waona zikufanana ndi moyo omwe iye amaudziwa.

Chitsanzo ndi filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind yomwe idatuluka m'chaka cha 2019. Filimuyi imakamba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe adapanga makina amagetsi oyendera mphepo atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 mpaka 2002. Kunja adayiyamikira kwambiri. Koma kuno kumudzi Amalawi ambiri adadandaula ndi Chichewa chomwe chimayankhulidwamo, poti mbali zikuluzikulu adasewera ndi anthu akunja monga Chiwetel Ejiofor wa ku Britain ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Olemba ndemanga a ku London sakadatha kumva vutoli. Lidamveka ndi khutu la munthu wamba yemwe adayamwira chiyankhulochi.

Chimodzimodzinso filimu ya Shemu Joyah ya The Last Fishing Boat ya m'chaka cha 2012, yomwe imaonetsa msodzi wovutika ndi kuchepa kwa nsomba pomwe ntchito zokopa alendo zikusintha moyo wa m'mbali mwa nyanja. Palibe katswiri yemwe angaweruze nkhani imeneyi kuposa banja la ku Likoma lomwe limadya za m'khoka komanso limaona alendo akutsika pachilumbapo. Wokonza filimu wanzeru amatchera khutu kwa anthu otere, chifukwa akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Komabe ufulu wopereka ndemanga uli ndi ngozi zake ziwiri.

Yoyamba ndi yakuti munthu akaipidwa ndi pologalamu, amafuna kuti aliyense asaonerenso. Zidachitikapo m'mwezi wa August 2003 pomwe aphungu a Nyumba ya Malamulo adalamula wailesi ya kanema ya TVM, yomwe idayamba kuulutsa mu 1999, kuti isiye kuonetsa Big Brother Africa ati chifukwa imaononga chikhalidwe. M'pologalamuyo dziko lino lidaimiridwa ndi Zein Dudha. Makolo ambiri adagwirizana ndi aphunguwo, achinyamata ambiri adakwiya, ndipo posakhalitsa khoti lalikulu lidachotsa chiletsocho. Phunziro lake ndi lakuti kholo lili ndi mphamvu zozimitsa kanema m'nyumba mwake, koma maganizo a gulu limodzi sangakhale lamulo la m'nyumba zonse.

Ngozi yachiwiri ndiyo yakula kwambiri masiku ano a Facebook ndi WhatsApp. Anthu akusiya kukamba za filimu ndi kuyamba kunyoza munthu yemwe wasewera. Mtsikana akasewera mbali ya hule, amamutcha hule mpaka kutchalitchi. Mnyamata akalakwitsa mawu amodzi, chithunzi chake chimazungulira m'mafoni pamodzi ndi mawu otukwana mtundu wake ndi makolo ake. Osewera ambiri m'dziko muno amalandira ndalama zochepa, ena salandira n'komwe. Akanyozedwa motere amaisiya ntchitoyo, ndipo oonera omwewo amadzadandaulanso kuti kanema wadzaza ndi mafilimu a ku Nigeria ndi ku India.

Anthu a ku Chipyela amadziwa bwino kuopsa kwa chiweruzo cha chigulugulu. Dzina la malowa lidachokera pa mchitidwe wakale wootcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Pamalo omwewo amishoni a UMCA adayamba kumangapo tchalitchi chachikulu cha St Peter's m'chaka cha 1903, ndipo chilumbachi chidatchuka ndi sukulu komanso anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Mbiri yotereyi ikuyenera kuoneka ngakhale m'mayankhulidwe a ana a pachilumbachi akamapereka maganizo awo pa intaneti.

Ndemanga yothandiza imanena chifukwa. Kungoti filimu ndi yoipa sikuphunzitsa aliyense. Koma woonera akati mawu samamveka chifukwa nyimbo zidakwera, kapena nkhani idatalika mosafunikira, kapena kuti palibe mpongozi wa ku Malawi yemwe angayankhule chonchija kwa mkamwini wake, wokonza filimu amakhala ndi poyambira. Woyamikira nayenso azinena chomwe chamusangalatsa.

Ntchitoyi iyambire kunyumba. Makolo asamangopereka ndalama kwa ana kuti akaonere vidiyo osadziwa chomwe chikuonetsedwa. Mafilimu ena omasuliridwa m'Chichewa amakhala ndi nthabwala zosayenera ana zomwe omasulira amaonjezera okha. Bambo ndi mayi aziyesetsa kuonera limodzi ndi ana awo, kenako aziwafunsa zomwe aona ndi zomwe akuganiza. Mwana yemwe wazolowera kufotokoza chifukwa chomwe wakondera kapena kudana ndi sewero sangatengeke ndi chilichonse chomwe waona pakanema.

Nawo eni mawailesi a kanema ndi okonza mafilimu asamadikire ndemanga za ku Blantyre ndi Lilongwe zokha. Akafuna kudziwa ngati ntchito yawo yagwira mtima, akwere sitima akamve zomwe akunena anthu a ku Likoma ndi Chizumulu.