Galimoto Ikayamba Kukhalira Kumbuyo

Amayi anzanga, sabata ino ndayamba ndaika pambali za kuphika ndi kusoka kuti tisuzumire kunsi kwa galimoto. Musadabwe. Kuno ku Lobi mabanja angapo ali ndi pikapu yakale, ya Toyota Hilux kapena Nissan, ndipo enafe timadalira yomweyo potengera mbatatesi, kabichi ndi tomato ku Chimbiya ngakhale ku Lilongwe. Ikawonongeka, ndalama yokonzera imachokera pa kansalu komwe inu munamangapo ya feteleza.

Chaka chatha gulu lathu linachita hayala galimoto ya amuna a mnzathu wina. Tisanakweze ndi thumba limodzi lomwe, ndinaona kuti inali itakhalira kumbuyo ndiponso yopendekera kumanzere. Ndinachita manyazi kufunsa, poopa kuti adzati mayi adziwa chiyani za galimoto. Tisanafike pa Linthipe, pomwe msewu wathu umakumana ndi wa M1, tinangomva kuti thyo! kenaka tayala layamba kukhula thupi la galimoto. Tinatsitsa katundu, n'kuswera m'mbali mwa msewu, ndipo tomato tinamugulitsa mawa lake pamtengo wolira.

Chimene chinandiwawa koposa ndi chimene mnzathuyo anandiuza titakhala pa matumba paja. Mwezi wapitawo iye anali atapereka ndalama yake ya kubanki m'khonde kuti abambo agule mashoko atsopano, pokhulupirira kuti galimoto idzuka. Sinadzuke. Ndipo sikanadzuka, pakuti mashoko sasenza galimoto. Ntchito yawo ndi kuletsa kudumphadumpha ikagunda dzenje. Chosenza ndi masipuling'i, zitsulo zazitali zija zosanjikizana, zimene zili mbali zonse ziwiri pafupi ndi matayala a kumbuyo. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri amakhala opota ngati nkhata, koma ntchito ndi yomweyo. Chitsulo nacho chimatopa. Chikasenza mopyola muyezo chaka ndi chaka m'misewu ya mabampu, chimaleka kubwerera m'malo mwake.

Kuona zimenezi sikulira sukulu. Galimoto iime pamalo osalala, ilibe katundu, matayala ali ndi mpweya wofanana. Tengani tepi yanu yosokera, muyeze kuchokera pansi kufika pa mlomo wa thupi la galimoto pamwamba pa tayala, kumanja ndi kumanzere. Mbali ina ikatsika moonekeratu, pali vuto. Kenaka gwadani musuzumire. Sipuling'i yamoyo imakhala yopindika ngati uta, nsonga zake zitaloza kumwamba. Ikawongoka ngati thabwa galimoto ili yopanda kanthu, yatha. Onaninso ngati pali chitsulo chothyoka kapena chosuntha pamzere wa zinzake, ndi ngati timphira ta ku nsonga, timene amakaniko amati mabushi, tadyeka. Mashoko ali ndi zizindikiro zawozawo: amadontha mafuta, ndipo mukakanikiza galimoto pakona n'kuisiya, imapitiriza kuvina.

Ena amati bola ikuyenda. Ine sindivomereza. Kumbuyo kukatsika, kutsogolo kumapepuka. Chiwongolero sichimvera bwino pokhota, ndipo nyali zimaloza m'mwamba n'kumathobwa anzanu usiku. Pamwamba pa matumbawo pamakhala ife ndi ana kumbuyo.

Tsono abambo akamapita kwa amakaniko, kambiranani kaye kunyumba, mwaulemu, pakuti amuna ambiri galimoto amaikonda ngati mwana woyamba. Njira zilipo zingapo. Yotchipa ndiyo kumasula zitsulozo n'kuzipindanso; galimoto imadzuka ndithu, koma kawirikawiri imadzakhaliranso, makamaka ngati anazipinda pozitentha ndi moto wa owotcherera, umene umapha mphamvu ya chitsulo. Ngati chathyoka chimodzi ndipo zinazo zikadali bwino, chisinthidwe chimenecho. Koma akati achiwotcherere, kanani. Chidzathyokanso pomwepo, mwina muli pa mtsetse. Zoika chipika cha mtengo ndi kumanga ndi malegeni n'zongofikitsira galimoto yopanda katundu kugalaja, osati zopitira kumsika. Masipuling'i akatheratu, agulidwe a mbali zonse ziwiri. Ndikudziwa kuti ndalama imawawa, koma kusintha mbali imodzi kumasiya galimoto yopendekera. Mabushi ndi mabawuti aja opindika, omangirira sipuling'i ku chitsulo cholumikiza matayala, akhalenso atsopano, ndipo akawakungenso galimoto ikayenda maulendo angapo. Ngati mnyamata wanu ndiye akukonza pakhomo, asalowe kunsi galimoto itangotsamira pa jeke.

Pali nzeru ina imene yafala, yowonjezera chitsulo chimodzi kapena ziwiri kuti galimoto izisenza zambiri. Imaoneka yoima bwino, inde, koma matayala ndi mabuleki akadali omwe aja. Mapikapu ambiri otere anapangidwa kuti azinyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera amawerengedwa momwemo. Nanga matumba athu a mbatatesi aja osokerera mutu pamwamba, n'kumati ndi thumba limodzi? Apa mlandu wina ndi wathu amayi, chifukwa ndife timachonderera dalaivala kuti tiwonjezereko awiri okha.

Gulu lathu tsopano limayamba layang'ana galimoto isanakwezedwe kanthu. Matumba olemera timawaika kutsogolo, pafupi ndi pokhala dalaivala, madengu a tomato pambuyo. Katundu akachuluka timasonkherana ya maulendo awiri, ndipo operekeza amapita awiri okha, mlembi ndi msungichuma. Mnzathu uja anasintha masipuling'i onse atakolola nyemba. Mashoko ake atsopano aja akadali pomwepo.